Dzina la Pansi pa Pepala

Mtendere ukhale nanu, inu amene mwatsegula tsamba lino. Ndiyambe ndi kuthokoza Mlengi amene watidzutsa lero, amene wasungunula madzi oundana mumtsinje wathu chaka chinonso, natipatsa ana oti tiziwaona akuthamanga ndodo zili m'manja. Nkhani ndikuuzeniyi ndi ya Wilfred Garrow, amene amaimba besi kumbuyo kwanga m'kwaya, ndipo mwini wake wandilola kuti ndiifotokoze.

Wilfred ndiye amaphunzitsa lakrosi ana aang'ono kwambiri kuno ku Akwesasne, a zaka zinayi mpaka zisanu ndi chimodzi, aja amene chisoti choteteza mutu chimawafika m'mapewa. Lakrosi ndi masewera oponyerana kampira ndi ndodo yokhala ndi kaukonde kunsonga. Chaka chimenecho anali nawo khumi ndi anayi. Ana a msinkhu umenewu sungawauze kuti atole mpira pansi ndi ndodo kakhumi. Atola kawiri, kenaka wina wagona chagada, wina akulira kuti akufuna amayi ake. Choncho Loweruka lomaliza la mwezi uliwonse Wilfred ankalipatsa mutu wake. Mwezi wina ana onse anali ozimitsa moto, mpira uli madzi, golo ili nyumba yoyaka. Mwezi wina anali asodzi, kaukonde ka kunsonga kwa ndodo kali kovuulira nsomba. Mitu imeneyi ankapangana ndi mlongo wake wamkulu, Loretta, chifukwa iyeyo ndiye ankasoka timalaya ta ana ndi kuphika msuzi wa chimanga woti amwe akamaliza.

Pa za ana a eni, awiriwa ankamvana bwino. Pa za banja la Wilfred ndiye panali chilonda. Mkazi wake, Solange, ndi mzungu wa ku Valleyfield wolankhula Chifalansa. Tsiku la ukwati wawo Loretta anabwera ku Misa, nyimbo zonse anaimba, koma kumadyerero sanaoneke, ndipo kwa zaka zisanu ndi zitatu mawu akuti alamu ankawanena ndi milomo yokha. Popeza pfuko munthu amatengera kwa amayi, Josie, mwana wa Wilfred ndi Solange, analibe pfuko. Sanali Kamba, sanali Chimbalangondo, sanali Mmbulu ngati bambo ake. Aliyense ankadziwa, palibe ankanena, ndipo Josie mwini wake, wa zaka zisanu ndi chimodzi, anali asanafunsepo.

Lachitatu masana Wilfred anapita kwa Loretta kukapangana za Loweruka lomaliza la Epulo. Iye anabwera ndi ganizo la sitima za pamtunda, koma asanatsegule pakamwa, mlongo wake anasolola pepala pansi pa chitini cha shuga n'kuliyala patebulo. Anati mwezi uno likhale tsiku la mapfuko atatu. Akamba ayambe ndi kutola mpira pansi, popeza kamba amayenda mimba ili pafupi ndi dothi. Mimbulu ithamange limodzi ikuponyerana mpira. Zimbalangondo ziime kutsogolo kwa golo ndi kutchinga. Pakapita mphindi khumi asinthane ntchito, koma mwana aliyense akhalebe ndi nyama yake pachifuwa.

Wilfred anavomereza mumtima kuti ganizolo linali lokoma kuposa sitima zake. Kenaka anawerenga mayina. Akamba asanu, Zimbalangondo zinayi, Mimbulu inayi, onse olembedwa ndi inki m'mizere itatu yoongoka. Pansi penipeni pa pepala, patali ndi mizere yonse, panali dzina limodzi lolembedwa ndi pensulo.

"Nanga uyu?" anafunsa Wilfred, chala chili pa dzina la Josie.

"Sindinamalize," anatero Loretta. "Imwa tiyi, akuzizira."

"Ena onsewa mwamaliza, achemwali."

"Ena onsewo ndi osavuta."

Atanena zimenezo anadzuka n'kuyamba kukamba za chimanga choti aviike ndi za mitengo ya nsalu ku Cornwall. Wilfred anamwa tiyi uja osamva kukoma kwake. Malemba amatiletsa kuganizira mbale wathu zoipa, koma sanatinamize kuti n'kwapafupi. Njira yonse yobwerera kunyumba mawu akuti osavuta ankamulira m'khutu. Ndiye kuti mwana wake ndi wovuta.

Lachinayi, pochokera ku ntchito yake yokonza mainjini a maboti, anaona galimoto ya Loretta itaima pakhomo pa mayi Agnes Papineau. Mayi amenewa ndiwo amayi a pfuko la Mimbulu, osunga mayina, amene mawu awo amamveka pa nkhani ya amene ali mkati ndi amene ali kunja. Iwo sapita kutchalitchi, ndipo Loretta sapezekapezeka ku miyambo yawo. Sanali anthu omwera tiyi limodzi. Wilfred anachepetsa liwiro, anayang'ana pawindo, sanaone kanthu koma makatani, ndipo anapitirira.

Kunyumba anapeza Solange akuimba kukhitchini. Anamuuza mosangalala kuti alamu ake anamuimbira foni, koyamba chikwatiwire, kumupempha kuti Loweruka asakhale m'galimoto ndi buku monga amachitira, koma alowe ndi kukhala pabenchi lakutsogolo. Solange anali atagamula kale kuti aphika payi wa shuga, wonga keke, uja wa kwawo, woti apite naye. Wilfred anangoti zikomo kwa Mulungu, koma maganizo ake anali pa benchilo. Benchi lakutsogolo ndi limene anthu onse a kumbuyo amaliona.

Ali pa chakudya chamadzulo, Josie anasiya foloko n'kunena kuti mnzake Dawn wamuuza kusukulu kuti Loweruka avala chimbalangondo, chifukwa amayi ake ndi Chimbalangondo, agogo akenso ndi Chimbalangondo.

"Nanga ine ndivala chiyani, adadi?"

Wilfred anamuyankha kuti akaona Loweruka lomwelo, amalize kaye nsawawa zake. Solange anasiya kutafuna. Zaka zisanu ndi zitatu kuno n'zokwanira kuti munthu adziwe tanthauzo la nyama zitatu zimenezi. Mwana atapita kukasamba m'manja, mayiyo anangonena motsitsa mawu kuti payi uja aphikabe, chifukwa analonjeza.

Chimene chinamupweteka kwambiri Wilfred n'chakuti nkhani inali itafika kale kwa ana. Iye ndiye mphunzitsi, makiyi a bwalo amasunga ndiye, ndipo akanatha kuimbira makolo onse kuti mutu wasintha, tsopano ndi sitima. Koma amayi khumi ndi atatu akanafunsa chifukwa, ndipo asanayankhe akanachipeza okha, n'kuyamba kutchula dzina la Josie m'makhitchini onse a mbali ino ya mtsinje. Anaona ngati Loretta anafalitsa dala nkhaniyo msanga, kuti khomo lobwererera litsekeke.

Lachisanu m'mawa anapita kubwalo kukamata mizere pansi. Bwalo lathu ndi lofolera, ndipo madzi oundana a masewera a m'nyengo yozizira anali atangochotsedwa, simenti ikadali kununkha chinyontho. M'kachipinda kosungira ndodo anapeza katoni ya Loretta itafika kale. Anaima n'kuiyang'ana kanthawi, kenaka anaitsegula. Timalaya tinali tosokedwa bwino, monga mwa manja a mlongo wake: akamba obiriwira, zimbalangondo zakuda, mimbulu yotuwa. Anawerenga, tinakwana khumi ndi titatu. Pansi pa tonse panali kena kopindidwa pakokha. Atakatambasula, kanali koyera mbee, kopanda chithunzi, kopanda ngakhale ulusi umodzi wa mtundu wina.

Anakumbukira munthu uja wa m'fanizo, amene anapezeka paphwando alibe chovala choyenera, anthu onse akumuyang'ana. Anakapinda, n'kukaika m'thumba la jekete. Mizere sanaimalize.

Lachisanu lililonse masana Loretta amakhala m'tchalitchi kupukuta zoikapo makandulo. Wilfred anamupeza ali yekha. Anagwada pang'ono moyang'ana kuguwa, chifukwa ngakhale munthu wokwiya amadziwa nyumba imene walowa, kenaka anatulutsa kamalaya kaja n'kukayala pampando.

"Ichi n'chiyani, achemwali?"

"Wayamba kupisa m'makatoni a anthu? Amayi anakulera bwino ndithu."

"Mwana wanga aime pakati pa bwalo atavala choyera, amayi ake ali pabenchi lakutsogolo, kuti aliyense aone kumene vuto lachokera. Ndi zimenezo? Mwauza ana kale kuti ndisathe kusintha, mwakaitananso mayi Papineau kuti adzakhale mboni."

Loretta anapitiriza kupukuta mpaka choikapo kandulocho chinawala. Atachiika pansi anamuuza kuti akhale, asaimirire ngati wapolisi wabwera kudzamumanga. Wilfred anakhala, koma anasiya mpata wa anthu awiri pakati pawo.

"Pepala lija ndinalilemba mu Febuluwale," anatero Loretta. "Ndipo ndinalilemba ndi mtima womwewo ukunenawo. Sindikunamiza m'nyumba muno."

Wilfred anabwera atakonzekera kumva mlongo wake akukana, osati akuvomera. Loretta anafotokoza maso ali pa nsanza imene inali m'manja mwake. Anati ankafuna kuti Solange aone kamodzi kokha chimene mwana anamanidwa chifukwa cha ukwati umenewu. Koma atadula nsalu ya kamalaya ka khumi ndi chinayi, n'kuona kuchepa kwa chifuwa chimene kadzaphimbe, analephera kupitiriza. Kansaluko kanakhala patebulo milungu itatu, ndipo milungu itatu yomweyo iye sanadzuke kukalandira Mgonero. Za kuuza ana anati analakwitsa yekha, anauza amayi a Dawn kalekale, asanasinthe mtima. Kwa mayi Papineau anapita kukafunsa ngati angasoke mmbulu pakamalaya ka Josie.

Wilfred anafunsa kuti iwo anayankha chiyani.

Loretta anati mayiwo anamuyang'ana nthawi yaitali, kenaka anamuuza kuti pfuko si malaya a Loweruka oti lero wavala mawa wachapa, ndiponso kuti nkhani yotere safunsa ndi azakhali, mayi wa mwana asakudziwa. Mayi Papineau anati abwera kubwalo adzamuone Solange ndi maso awo. Kupitirira pamenepo sanalonjeze kanthu.

"Ndiye bwanji osandiuza Lachitatu lija?"

"Za mapfuko si za amuna, ukudziwa. Komanso ukanandikhulupirira?"

"Ngakhale pano sindikudziwa ngati ndikukukhulupirirani."

"Sindikukudzudzula."

Wilfred ankayeza nkhaniyo mbali zonse. Munthu amene wavomera theka la mlandu angakhale walapadi, angakhalenso wangopeza njira yochenjera yofikira kumene ankafuna poyamba. Pajatu Loweruka linali lisanasinthe: kamalaya koyera, benchi lakutsogolo, mayi Papineau. Anafunsa kuti mwana wina akafunsa pagulu chifukwa chimene Josie alibe nyama, zikhala bwanji. Loretta anati ayankha ndi iyeyo. Wilfred anafunsa kuti ayankha kuti chiyani, ndipo Loretta anati sanadziwebe, akupemphera.

Yankho limenelo silinamukhazike mtima pansi. Anatenga kamalaya kaja, n'kupita nako kunyumba, ndipo anachita chimene anayenera kuchita Lachitatu: anamuuza Solange zonse, kuyambira pa dzina la pensulo mpaka pa zimene Loretta anavomera m'tchalitchi. Anamaliza ndi kunena kuti Josie akhoza kudwala chimfine Loweruka limodzi, palibe angadabwe.

Solange anatenga kamalayako, anakatembenuza, anayang'ana msoko wake. Anati ndi kosokedwa bwino. Kenaka anati apita, chifukwa funso limene Josie anafunsa patebulo silichoka ndi chimfine. Akalizemba Loweruka, likamudikira Lolemba kusukulu, kumene kulibe bambo ake, kulibe amayi ake.

Loweruka m'mawa bwalo linadzaza kuposa masiku onse. Kunabwera agogo, azakhali ndi amalume amene sankaoneka pa tsiku la ozimitsa moto, ndipo Wilfred ankayang'ana nkhope iliyonse n'kudzifunsa kuti yabwera kudzaona ana kapena kudzaona china. Iye anasiya jekete lake la uphunzitsi m'galimoto n'kuvala malaya oyera opanda cholembedwa. Loretta, ali pa mphika wake wa msuzi, atamuona anamufunsa ngati wayamba ntchito yogulitsa mkaka. Wilfred sanaseke.

Mayi Papineau anafika mochedwa, atavala jekete lofiira, n'kukhala pabenchi lakutsogolo, kumapeto. Solange anali kumapeto enawo, payi ali pamiyendo. Pakati pawo sipanakhale munthu.

Loretta anagawa timalaya pakhomo la kachipinda, ndipo ana anatuluka akubangula ndi kulira ngati nyama zawo, kupatula Akamba amene anasowa kulira kwa kamba n'kuyamba kungokuwa. Wilfred anawauza kuti aliyense apite kwa anzake a chithunzi chofanana. Magulu atatu anapangika msanga. Josie anatsala pakati, chisoti chitapendekeka, ndodo ili m'manja. Anayang'ana pachifuwa pake, anayang'ana magulu atatu aja, kenaka anabwera kudzaima pafupi ndi mwendo wa bambo ake.

Anafunsa ndi Dawn, mosaganiza choipa chilichonse, ndi mawu aakulu a mwana amene wavala chisoti ndipo sakudzimva.

"Aphunzitsi, Josie nyama yake ili kuti?"

M'bwalo lofolera mawu amabwerera kuchokera kudenga. Wilfred anatsegula pakamwa asakudziwa chimene chituluke, koma Loretta anali atasiya kale mphika. Anayenda kulowa m'bwalo chipande chili m'manja, ndipo Wilfred anagwira phewa la mwana wake, wokonzeka kumunyamula n'kutuluka naye.

"Ameneyu ndi mwana wa mlongo wathu," anatero Loretta, moyang'ana Dawn koma mokweza kuti amve onse. "Mwana wobadwa kwa mwamuna wa pfuko lathu timamuyang'anira ndife. Akadwala timathamanga ndife Mimbulu, akasowa kanthu timafunafuna ndife. Ndiye lero athamanga nafe."

Palibe anayang'ana Loretta. Mitu yonse inatembenukira ku jekete lofiira. Mayi Papineau anali akumasula switi m'kapepala, ndipo kapepalako kanawavuta nthawi yaitali. Ataiponya m'kamwa anayankhula ngati akuuza simenti.

"Zimenezo n'zoona, n'zakalekale. Za chithunzi pachifuwa ndi nkhani ina."

Kenaka anasuntha pabenchi, n'kufunsa Solange m'Chifalansa ngati payiyo waphika yekha kapena wagula.

Wilfred anaimba wezulo. Dawn anali ataiwala kale funso lake, akukangana ndi Chimbalangondo chinzake za amene aime kutsogolo. Mmbulu wina wamng'ono anakoka Josie pamkono, ndipo anathamanga asanu, anayi otuwa ndi mmodzi woyera. Josie anagwetsa mpira katatu, kachinayi anaugwira n'kuthamanga nawo kulowera ku golo yolakwika, Mimbulu yonse ikumutsatira mokondwa. Akamba anatola mipira bwino kuposa mwezi uliwonse. Kamba mmodzi anagona chafufumimba n'kukana kudzuka, ati kamba weniweni safulumira.

Ola lonselo Wilfred ankaphunzitsa ndi diso limodzi. Linalo linali pabenchi lakutsogolo, pamene amayi awiri aja ankayankhulana motsitsa, osaseka, osakwiya. Ankayang'ananso Loretta, amene anabwerera ku mphika wake osayang'ana munthu. Pa nthawi ya msuzi anaona mlongo wake akudula payi wa Solange, akudya chidutswa ataimirira, koma sanathe kudziwa ngati akudya chifukwa cha chikondi kapena chifukwa anthu akuona.

Pobwerera kunyumba Josie anakana kuvula kamalaya kake, ndipo asanafike pamlatho anali atagona, ndodo ili pamiyendo. Wilfred anadikira mpaka anatsimikiza kuti wagonadi, kenaka anafunsa mkazi wake zimene mayi Papineau ananena.

Solange anati anamufunsa za amayi ake ndi agogo ake aakazi, mayina awo ndi kumene anaikidwa. Pomaliza anamuuza kuti apite kunyumba kwawo Lachiwiri masana, yekha, popanda Wilfred, popandanso Loretta.

"Ananena ndi mawu otani? Abwino kapena oipa?"

"Sindinawadziwebe mawu awo," anatero Solange. "Ndikawamva Lachiwiri."

Wilfred anayang'ana mwana wake pagalasi, n'kuyendetsa pang'onopang'ono kuti mabampu asamudzutse.

Inu amene mwawerenga mpaka pano, Ambuye akusungeni pamodzi ndi ana anu ndi ana a abale anu. Pamene mtima wanu ukukayika mbale, akupatseni mphamvu yokamufunsa maso ndi maso, ndi kuleza mtima pa zimene sizinayankhidwe. Ndipo mwana aliyense wa pakhomo panu, akaima yekha pakati pa anthu, apezeke wina womuyankhira. Amen.